Chivindikiro Chachikasu cha Chitsime cha Rufina

Loweruka pa 16 Agositu 2025, cha m'ma 10 koloko m'mawa, chitsime cha kudimba kwa Rufina Ngozo, kufupi ndi Domwe, chinatsekedwa ndi malata awiri ndi miyala isanu ndi umodzi. Anachitseka ndi mlongo wake wamng'ono, Hermínio, amene amaphunzitsa sayansi pa sikola ina ku Ulongwe. Mabanja asanu ankamwa pachitsimepo nthawi ya chilimwe. Mizere makumi awiri ndi iwiri ya kachewere wa Rufina inkadalira madzi omwewo.

Chitsimecho Rufina anakumba ndi mwamuna wake Sozinho mu 1994, chaka chimodzi atabwerera kuchokera ku Dedza kumene anathawira nkhondo. Anayesa malo atatu, awiri anapeza thanthwe, achitatu anapeza madzi pa mamita anayi. Sozinho anamwalira mu 2017. Chitsime sichinaphwepo ngakhale chaka chimodzi.

Lachiwiri pa 11 Junyu 2024, galimoto yoyera ya pulojetu ina yoyesa mapainelo atsopano a sola inaima pabwalo la mpira. Alimi khumi ndi awiri anasankhidwa, aliyense kuti alandire mapainelo awiri ndi pampu yaing'ono yothirira. Wolankhula anali Silvestro, tekiniku wa pulojetuyo, munthu wa zaka pafupifupi makumi atatu, wodziwa Chinyanja bwino. Ananyamula painelo imodzi ndi dzanja limodzi n'kuikweza m'mwamba kuti anthu aone kupepuka kwake.

"Akale aja mumawadziwa, a silikoni, olemera ngati chitseko," anatero. "Awa apangidwa ndi zina, dzina lake perovisikita. Chimene chimagwira kuwala ndi kautoto kakuda, kopyapyala kuposa tsitsi, kotsekeredwa pakati pa magalasi awiri. Kukhale mitambo ya Junyu, kukhale nkhungu, pampu idzayenda. Dziko lonse likudikira zimenezi. Inu a ku Domwe mwayamba."

Anthu anawomba m'manja. Kenaka panabwera mapepala, masamba atatu aliyense, olembedwa m'Chipwitikizi. Rufina amawerenga Chinyanja, anachiphunzira ku Dedza. Chipwitikizi chake ndi cha pamsika. Silvestro anawauza mwachidule mfundo zitatu: painelo isagulitsidwe, isaoloke malire, ndipo ikavuta aimbe nambala yolembedwa pansi. Rufina anasaina.

Za mitambo Silvestro sananame. Chaka chimenecho pampu inayenda ngakhale masiku a mawawa, ndipo Rufina anakolola kachewere wochuluka kuposa chaka china chilichonse chiyambire pamene Sozinho anamwalira.

Ku Domwe palibe munthu amasiya painelo kudimba kuti igone yokha. Imapita m'mawa ndi mwini wake, imabwerera madzulo ndi mwini wake. Rufina ankakulunga ake awiri m'chitenje n'kusenza pamutu. Lolemba pa 21 Outubulu, polowa m'nyumba, ngodya ya painelo imodzi inagunda mphuthu ya chitseko. Kagalasi kofanana ndi chikhadabo kanathothoka. Painelo inapitiriza kugwira ntchito, ndipo Rufina anaiwala.

Mvula itayamba kuthirira kunatha, ndipo mapainelo anawaika pathandala kuseri kwa nyumba kuti azitchajira matelefoni. Pofika pa Khirisimasi, ngodya yothothokayo inali itasanduka yachikasu. Chikasucho chinayamba kufalikira, pang'onopang'ono, ngati tsamba la chimanga losowa feteleza.

Rufina anaimba nambala ija katatu: pa 27 Dezembulu, pa 14 Fevereru ndi pa 2 Abulili. Koyamba Silvestro anati abwera chikondwerero chikatha. Kachiwiri anati msewu waipa, galimoto singafike. Kachitatu sanayankhe. Pa nthawiyi n'kuti painelo yonse ili yachikasu, yosatulutsa kalikonse.

Loweruka pa 3 Mayu 2025, matabwa ovindikira chitsime, amene anali atawola ndi mvula, anathyoka, ndipo kamwana ka mbuzi ka Matilde, mnansi wake wa Rufina, kanagweramo. Anakavuula kamoyo. Chitsime chinafunika chivindikiro tsiku lomwelo.

Kumeneku chinthu sichitayidwa chifukwa chasiya ntchito imene chinabwerera. Chitseko cha galimoto yakufa chimatseka khola la nkhumba. Thumba la feteleza limasanduka denga, tayala limasanduka zingwe. Painelo yakufayo inali ya mita imodzi ndi theka, yosawola, yosadyedwa ndi chiswe, ndipo inakwana pakamwa pa chitsime ngati anachita kuyeza. Rufina anaiika chafufumimba kuti isamathobwe anthu m'maso, n'kuikapo mwala kuti mphepo isaichotse. Mwalawo unang'amba galasi kuchoka pangodya ina kufika pa inzake. Matilde ataona anati, "ANangozo, mutu wanu umagwira ntchito."

M'mawa uliwonse, akakankha chivindikirocho kuti atunge, kunsi kwake kunkakhala kuli madontho a chinyezi cha m'chitsime, ndipo madonthowo ankagweranso momwemo. Zinakhala choncho masiku 105.

Hermínio anabwera pa shapa, minibasi ya kumeneko, m'mawa wa pa 16 Agositu kudzatenga mbewu ya kachewere. Anapeza Rufina akukokera paipi pakati pa mizere. Anapatsana moni, anafunsana za ana. Kenaka anapita pachitsime kuti asambe m'manja, ndipo anaima.

"Alongo, ichi n'chiyani?"

"Maso unawasiya m'shapa? Chivindikiro."

"Chakhalapo kuyambira liti?"

"Kuyambira Mayu. Bwanji, chikunyansa apulofesolo?"

Hermínio sanaseke. Anachotsa mwala, anawerenga kapepala komatidwa kumsana kwa painelo, kolembedwa m'Chingelezi, kosuluka ndi dzuwa, n'kuitembenuza. Anathyola kaudzu n'kukalowetsa mumng'alu wa galasi. Kanatuluka kachikasu, konyowa.

"Zimitsani pampu."

"Ndatsala ndi mizere isanu ndi itatu."

"Zimitsani, alongo!"

Rufina anazimitsa. Chiyambire Hermínio anali asanamukalipirepo.

"Kautoto kakuda kaja kali ndi mtovu," anatero Hermínio. "Kakakhala kotsekeredwa bwino m'magalasi, palibe vuto. Madzi akalowa kamawonongeka, chotsala ndi chachikasu ichi, ndipo chimenechi madzi amachitenga."

"Mtovu uti? Wa m'mabatire a galimoto?"

"Womwewo."

"Wochuluka bwanji?"

"M'painelo yonseyi mwina sukwana gilamu imodzi. Kansonga ka supuni."

"Ndiye ukundizimitsira pampu chifukwa cha kansonga ka supuni?"

"Ndikukuzimitsirani chifukwa sindikudziwa kuti wagweramo wochuluka bwanji. Mwina wochepa kwambiri moti palibe kanthu. Mwina ayi. Suoneka, sununkha, ndipo kuwiritsa madzi sikuuchotsa. Umapweteka kwambiri ana, ndipo sumawagwetsa tsiku lomwelo. Umagwira mwakachetechete, m'magazi ndi m'mutu. Ana angati amamwa pano?"

Rufina anawerenga ndi zala, nyumba ndi nyumba. "Khumi ndi mmodzi."

"Ndiye titseke mpaka madzi ayezedwe."

"Tingokapa madzi onsewo, abwere atsopano."

"Mukawakapa muwathira kuti? Pakachewere? Nanga matope a pansi?"

Rufina anayang'ana mlongo wake akunyamula malata akale a pakhola, ndipo Hermínio atayamba kuika miyala, Rufina anamukankha n'kuika yekha itatu yotsalayo, mwaukali, mwala uliwonse ukulira palata.

Matilde anafika ndi ndowa ziwiri miyala ili kale pamwamba. Hermínio anamufotokozera. Matilde anaika ndowa pansi n'kutembenukira kwa Rufina.

"ANangozo, mwatimwetsa chiyani?"

"Chimene ndamwa inenso."

"Inu mwakula, mafupa anu anauma kale. Mdzukulu wanga ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Phala lake lonse, kuyambira tsiku limene anayamba kudya, ndi madzi a pano."

"Si inu munati mutu wanga umagwira ntchito?"

"Ndinkayesa mukudziwa chimene munasainira! Tsiku lija munakhala kutsogolo, kumwetulira ajambuli zithunzi, ife tili kumbuyo ngati ana amasiye. Osankhidwa ndinu. Mapepala ndi anu. Ife tinangolandira madontho."

"Mbuzi yanu ikanakhala pachingwe, bwenzi matabwa anga ali pomwepa."

"Eee, ndiye mlandu ndi wa mbuzi? Kauzeni amake a mwana zimenezo. Ine ndikaima kumbuyo kwanu ndizimvetsera."

Matilde ananyamula ndowa zake zopanda kanthu n'kulowera kumtsinje, ulendo wa makilomita awiri ndi theka, chitunda pobwerera. Tsiku limenelo palibe wa m'mabanja anayiwo amene anapatsa Rufina moni.

Lolemba pa 18 Agositu Rufina anakwera shapa yoyamba ya ku Ulongwe. Hermínio anali ndi ana m'kalasi, choncho anapita yekha, mapepala atatu aja ali m'jumbo. Ofesi ya pulojetu inali chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo yogulitsa mbewu. Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha tsiku la pabwalo la mpira. Pakati pake panali Rufina, atanyamula painelo, akumwetulira.

Silvestro anaimirira. "Dona Rufina! Takulandirani, mayi. Mwadzuka bwanji? Khalani."

"Ndakhala mokwanira m'shapa. Ndiwerengereni mapepala awa. Onse. M'Chinyanja."

"Mayi, ndinakufotokozerani kale tsiku lija."

"Munandifotokozera mfundo zitatu. Ndawerenga manambala, zilipo khumi ndi imodzi. Yambani."

Silvestro anawerenga. Pa tsamba lachitatu, mfundo yachisanu ndi chiwiri, mawu ake anatsika. Mfundoyo inkati painelo ikasweka kapena ikasintha mtundu, mlimi aikulunge, aiike pouma, kutali ndi madzi, chakudya ndi ana, ndipo pulojetu idzaitenga pasanathe masiku khumi ndi anayi, chifukwa muli mtovu.

"Bwerezani masikuwo."

"Khumi ndi anayi."

Rufina anatulutsa telefoni yake n'kuiika patebulo. "Nambala yanu ili umu katatu. Yoyamba pa 27 Dezembulu. Inu munapita kusikola. Werengani masiku."

Silvestro sanawerenge. Anali masiku 234.

"Ili kuti painelo ija, mayi?"

"Inali pakamwa pa chitsime changa kuyambira Mayu."

Silvestro anakhala pansi. Anagwira kumutu. "Pachitsime? Mayi, munthu angaike bwanji chinthu cha magetsi pachitsime?"

"Munthu wake uti? Wa kuno? Mwabadwira kuti inu, bambo tekiniku? Kwanu kuli dzala lotayako magalasi a mita ndi theka? Munabwera ndi chinthu chosawola, chosadyedwa ndi chiswe, n'kuchisiya chakufa pakhomo panga miyezi isanu ndi itatu, n'kumaganiza kuti ndizichipembedza? Amayi anu akanachichita chiyani?"

Silvestro anayang'ana pansi. "Akanatsekera khola."

"Ndiye mfundo imeneyi munaidumphiranji?"

"Mayi, mundimvetse. Painelo yabwinobwino ilibe choopsa chilichonse. Mtovu wake ndi wochepa kuposa wa m'batire imodzi ya njinga yamoto. Anthu ophunzira akulimbana usana ndi usiku kuti magalasi azitsekeka bwino, ena akuyesa kuchotseratu mtovuwo. Zaka khumi zikubwerazi mapainelo amenewa adzakhala otsika mtengo moti mlimi aliyense..."

"Sindinafunse za zaka khumi. Ndafunsa za pa 11 Junyu."

Silvestro anaika mapepala aja patebulo.

"Tikanatchula mtovu pabwalo paja, ndani akanalandira? Tinkafunika alimi khumi ndi awiri sabata imeneyo. Akuluakulu anali kubwera kudzaona."

"Ndinu oona mtima, koma mochedwa," anatero Rufina. "Afa angati mapainelo anu?"

Silvestro anatsegula kompyuta. "Mwa makumi awiri ndi anayi, amene anatiimbira ndi asanu ndi awiri."

"Mwatenga angati?"

"Galimoto tili nayo imodzi, mayi, ndipo imakhala ku Tete."

"Mukudziwa kumene ali?"

"Ali kwa eni ake."

"Ndikuuzeni ine. Ya a Emílio yafolera khola la nkhuku. Ya a Dulce ndi yosalala bwino, imatentha msanga, ndiye amayanikapo ufa. Dzulo ndinapita kukawauza. Anali atangoanula."

Silvestro anatenga telefoni yake n'kutuluka panja. Rufina ankamumva kudzera pawindo akulankhula Chipwitikizi chofulumira. Kenaka Rufina anakwera pampando, anachotsa chithunzi chija pakhoma, anachipinda kanayi n'kuchiika m'jumbo pamodzi ndi mapepala.

Lachitatu pa 20 Agositu galimoto yoyera inafika kudimba nthawi ya 9 koloko. Msewu unali womwewo wa Fevereru, wouma chabe. Silvestro anatsika atavala magolovesi a mphira, ali ndi mabotolo atatu oyera ndi mpukutu wa pulasitiki yakuda. Kumbuyo kwa galimoto kunali mapainelo asanu ndi imodzi achikasu, okulungidwa kale, ndi ina imodzi yatsopano, ili m'katoni. Matilde ndi akazi ena atatu anaima chapatali ndi ndowa zawo.

Anasuntha miyala. Silvestro anatunga botolo limodzi pamwamba, lina pansi pafupi ndi matope, lachitatu pakati.

"Awa akupita ku Tete lero," anatero. "Ngati makina a kumeneko sangathe kuyeza mtovu, apita ku Maputo. Masabata awiri, mwina atatu."

"Lembani tsiku pabotolo lililonse ndikuona," anatero Rufina. Silvestro analemba. Rufina anatulutsa botolo lake la kachasu lotsukidwa, analidzaza, n'kumupatsa cholembera. "Ilinso. Ili likhala kwa ine."

Atatsekanso chitsime, Silvestro anatambasula pulasitiki pansi. "Tsopano painelo ija, mayi. Takubweretserani ina. Iyi ndi ya mtundu watsopano, m'mbali mwake anatseka kawiri."

"Ibwerere m'galimoto."

"Ndi yaulere, mayi."

"Yoyamba ija inalinso yaulere. Ndithirire nayo chiyani? Chitsime ndi icho, chili ndi miyala pamutu."

"Chabwino. Koma yakufayo tiitenge. Si bwino kuti ikhale pakhomo."

"Yakhala pakhomo miyezi isanu ndi itatu inu mukugona bwino."

"Dona Rufina, chonde. Akuluakulu anena kuti onse asanu ndi awiri afike ku Tete lero."

"Ndikudziwa chifukwa chake. Ikakwera galimoto imeneyi, mawa kudzakhala kulibe painelo imene inasanduka yachikasu ku Domwe. Kudzatsala mayi wokalamba amene anaipitsa chitsime chake ndi zinthu zosadziwika. Ili m'nkhokwe yakale, yokulungidwa m'matumba anayi, pouma, kutali ndi madzi, chakudya ndi ana. Mfundo yachisanu ndi chiwiri. Mbali yanga ndachita. Mudzaitenga tsiku limene mudzabwere ndi pepala la madzi, n'kuliwerenga pano, mokweza, m'Chinyanja, amayi awa akumva."

"Ndikabwerera ndi isanu ndi imodzi, ntchito yanga..."

"Auzeni kuti msewu unaipa," anatero Matilde ali pomwe anaima. Akazi enawo anaseka, kuseka kouma. Matilde sanayang'ane Rufina.

Galimoto inanyamuka nthawi ya 10 koloko ndi mphindi makumi awiri, ndi mapainelo asanu ndi imodzi akufa, yatsopano ija ndi mabotolo atatu.

Kuyambira tsiku limenelo Rufina wakhala akuthirira ndi madzi a kumtsinje, maulendo asanu ndi limodzi patsiku, ndowa imodzi pa ulendo. Madziwo amakwanira mizere isanu ndi iwiri. Khumi ndi isanu inayo inauma mu Setembulu, mbatata zake zili ngati mazira a njiwa. Ngakhale ya mizere isanu ndi iwiriyo, Hermínio akuti asagulitse mpaka zotsatira zibwere, chifukwa inamwa madzi a m'chitsime miyezi iwiri yoyamba. Painelo yachiwiri, yakuda, yamoyo, ili pansi pa bedi. Pampu ili pambali pake.

Masabata atatu anakwana pa 10 Setembulu. Rufina anaimba. Silvestro anati mabotolo anachoka ku Tete. Anaimbanso pa 22 Setembulu. Silvestro anati afika ku Maputo, koma munthu wosainira ali paulendo. Hermínio anatenga botolo la kachasu lija kupita nalo kusikola kwake, ndipo analibweza tsiku lomwelo: kumeneko kulibe chida choyezera mtovu wochepa chotere. Mdzukulu wa Matilde anamutengera kuchipatala, anamuyeza sikelo, anati akukula bwino. Magazi ake sanayezedwe mtovu.

Mtsinje ukuphwa. Pofika kumayambiriro kwa Outubulu akazi ankafukula mchenga kuti apeze madzi, ndipo mzere wa ndowa unkayamba dzuwa lisanatuluke.

Lolemba pa 6 Outubulu, Rufina atafika kudimba m'mawa, anapeza miyala isanu ndi umodzi ili pamalata monga mwa masiku onse, koma iwiri itasinthana malo. Dothi la pambali pa chitsime linali lonyowa, ndipo panali chizindikiro chozungulira cha pansi pa ndowa. Anayang'ana mapazi. Anali a munthu wamkulu wopanda nsapato, olowera kunyumba zinayi zija, osadziwika kuti ndi iti.

Anawonjezera mwala wachisanu ndi chiwiri, waukulu kuposa yonse, umene anachita kuugubuduza kuchokera kumalire a dimba. Kenaka anaimba nambala ija. Inalira mpaka inaduka yokha. Panali patapita masiku 47 chichokere mabotolo, ndipo pepala la madzi linali lisanafike.